Wakutsina Khutu ndi Mnansi

Ambiri mwa ife tabwera ku Misa ndi foni ya Android m'thumba. Mkati mwa foniyo mumayenda pulogalamu yotchedwa Linux, yomwe Linus Torvalds adayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Pulogalamuyi siyobisa: aliyense angathe kuwerenga m'mene idalembedwera, kuloza polakwika ndi kutumiza chokonza. Chimene wina walemba, anzake amayamba achiunika chisanalandiridwe.

Kwa zaka zambiri Torvalds ankadziwika ndi ukali. Wolakwitsa ankamunyoza anthu onse akuona. Mu Seputembala 2018, anzake atamuuza mosapsatira, iye adalemba kalata yovomera kuti mawu ake adapweteka anthu ndipo mwina adathawitsa ena pa ntchitoyo. Adapepesa, nasiya utsogoleri m'manja mwa Greg Kroah-Hartman kwa pafupifupi mwezi umodzi kuti akapeze thandizo. Munthu wozolowera kukonza anzake adalola kukonzedwa.

Mfumu Davide naye adakumana ndi zotere. Pa 2 Samuele 12, mneneri Natani adamuuza fanizo la munthu wolemera wolanda kankhosa ka mmphawi. Davide adapsa mtima, osadziwa kuti akudziweruza yekha. Natani atamuloza chala, mfumuyo inali ndi mphamvu zomutseka pakamwa, koma idavomera tchimo lake.

Poyamba Misa timadziguguda pachifuwa ndi kuulula kwa Mulungu, komanso kwa abale ndi alongo, kuti tidachimwa. Kutero n'kosavuta tikamanena tonse pamodzi. Chimavuta n'chakuti munthu mmodzi, wodziwika dzina, atiuze cholakwa chenicheni: ndalama za mphakati sizikugwirizana ndi za m'kaundula, kapena mawu athu adachotsa mnzathu m'kwaya. Ineyo mayi wina atandiuza kuti ndimachititsa manyazi ana osayankha bwino pa katekisimu, ndidayamba ndadzitchinjiriza. Padatenga sabata kuti ndikawathokoze mayiwo ndi kupepesa anawo.

Cholakwa chobisika sichikonzeka, m'pulogalamu ngakhale mumtima. Sabata ino, wina akakudzudzulani, yambani mwamvetsera mpaka amalize. Ngati wanena zoona, vomerani popanda kuwonjezera "koma", konzani zimene mwaononga, kenaka mupite nazo ku Sakramenti la Kulapa. Nanunso podzudzula mnzanu, mutengereni pambali, monga Ambuye Yesu akutiphunzitsira pa Mateyo 18.

Mulungu atipatse mtima wolola kuphunzitsidwa.