MBUSA AWERENGA NKHOSA ZACE

Werengani Eksodo 18, 2 Samueli 24 ndi Luka 15.

Abale okondedwa a ku Lifupa ndi a m'midzi yonse ya m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu, mwezi uno tilingalire pamodzi za kuwerenga anthu ndi za kuwasunga.

M'Mau a Mulungu tipezamo owerenga awiri. Woyamba ndiye mfumu Davide, amene anatuma Yoabu kukawerenga amuna a nkhondo m'dziko lace lonse. Yoabu anayenda miyezi 9 ndi masiku 20, nabwera naco ciwerengero cacikuru. Koma Mulungu sanakondwera naco, ndipo mliri unagwera anthu. Waciwiri ndiye mbusa wa m'fanizo la Ambuye Yesu. Iyeyu anali nazo nkhosa 100, koma powerenga anapeza 99. Sanadzitonthoza ndi kucuruka kwa zotsalazo ai. Anauka, nakafuna imodzi ija kufikira anaipeza. Onse awiri anawerenga. Koma mfumu inafuna kudziwa ukuru wace, ndipo mbusa anafuna kudziwa yosowayo.

Ifenso tinawerengedwa. Pa kalembera wa caka ca 1966 anthu a m'Malawi anangopitirira pang'ono 4 miliyoni. Pa wa caka ca 2018 anafika 17,563,749. Mwa iwo oposa 800,000 anapezeka m'boma la Kasungu, ndi oposa 58,000 m'tauni ya Kasungu mokha. Kuwerengako nkwabwino, pakuti boma silingathe kugawa mankhwala, aphunzitsi ndi zitsime lisanadziwe anthu ace. Koma ciwerengero sicilira, sicimva njala, ndipo sicinena amene wasowa.

Kumbukirani mbiri ya dziko lino. Kumene kuli nkhalango lero kunali midzi kale. M'caka ca 1922 boma la Angerezi linasamutsa anthu cifukwa ca nthenda ya kaodzera, imene idza ndi kashembe. M'caka ca 1930 dzikolo linakhala malo osungira nyama, ndipo m'caka ca 1970 linachedwa Kasungu National Park. Lero pa Lifupa pali dziwe la mvuu, nyumba za alendo ndi alonda a nyama, koma midzi inatsala kunja kwa malire. Kumeneko anthu acuruka, ndipo minda yacepa. Anadzanso alendo ocokera kutari, monga ku Mulanje ndi ku Thyolo, kudzagwira nchito m'maesiteti a fodya. Tsono m'caka ca 2022 njobvu 263 zinatengedwa ku Liwonde kudza m'nkhalango muno. Cuma ca dziko cinaonjezeka, inde. Koma zina zinaturuka, nizidya cimanga m'minda ndi m'nkhokwe, ndipo anthu ena anafa, kuno ndi ku Zambia komwe.

Nanga ndani adzamva mlandu wa mai wamasiye amene munda wace unatha usiku umodzi? Ndani adzadziwa za mlendo wa pa esiteti amene mwana wace sanalowe sukulu? M'buku la kalembera onsewa alembedwa. Koma kodi pabwalo amveka?

Mose anaona bvuto lomweli m'cipululu. Anali kuweruza milandu yekha tsiku lathunthu, anthu alikudikira. Mpongozi wace Yetero, amene anadza monga mlendo, anamcenjeza kuti adzalema iye pamodzi ndi anthuwo, namuuza asankhe amuna oopa Mulungu ndi okana ciphuphu, ena ayang'anire anthu 1,000, ena 100, ena 50, ena 10. Zoonadi mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Taonani nzeru yace: woyang'anira anthu 10 adziwa maina ao onse, ndipo mmodzi akasowa, adziwa tsiku lomwelo.

Makwerero otere tiri nao. Pali nyakwawa ndi gulupu, ndi mafumu akuru monga Mwase, Lukwa, Kawamba ndi Chulu. Pali komiti ya citukuko ca m'mudzi, imene aicha VDC, ndi ya dera la mfumu yaikuru, imene aicha ADC. Pamwamba pace pali khonsolo, monga mwa lamulo la maboma aang'ono la caka ca 1998: tauni ya Kasungu iri ndi yace, ndipo midzi iri pansi pa khonsolo ya boma lonse. M'menemo mukhala makhansala osankhidwa ndi anthu, ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Mafumu akhalamonso ndi kupereka uphungu, koma saponya voti. Cosowa ca mudzi ciyenera kuyamba pa VDC, cikwere ku ADC, cifike ku khonsolo, kumene agawa ndarama za mijigo, milatho ndi zipinda za sukulu.

Musayese kuti makwererowa sangagwe. Makhansala oyamba a m'nyengo ya zipani zambiri anasankhidwa m'caka ca 2000. Nthawi yao itatha mu 2005, dziko linakhala zaka 9 lopanda makhansala, kufikira 2014. Pa 16 September 2025 tinasankhanso. Cinthu cimene cinasowa kale cingasowenso, ngati eni ace acinyozera.

Cifukwa cace ndinena kwa inu makhansala ndi mafumu: werengani monga mbusa. Musakondwere ndi unyinji wa amene anakusankhani kapena wa mabanja a m'kaundula wanu. Polemba maina a olandira thandizo, musayambe ndi abale anu, ndipo musaonjeze maina a anthu osakhalapo. Pakuti dzina lonama liri lonse lilanda cakudya ca munthu woona. Funsani amene sanafike pa msonkhano, nimudziwe cimene camletsa.

Ndipo kwa inu eni mudzi ndinena: wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Ambiri a ife tidandaula pa citsime ndi pa maliro, koma tsiku la msonkhano wa komiti tiri ku dimba. Mukani. Njobvu zikaononga, nenani kwa nyakwawa ndi kwa alonda a nyama tsiku lomwelo, ndipo mlanduwo ulembedwe. Musabwezere ndi misampha, pakuti nyamazo nazonso nzolengedwa ndi Mulungu. Funsani ndarama zimene zinadza ndi kumene zinamuka, mwaulemu koma mosaopa. Tengani mlendo wa pa esiteti, mukhale naye pabwalo, pakuti makolo a ambiri a inu anakhalanso osamutsidwa.

Akuru a mpingo, musanapite ku msonkhano wotsatira, yendani m'midzi yanu nyumba ndi nyumba, nimulembe okalamba, amasiye, odwala ndi ana osiya sukulu. Ndipo mukapereke mainawo kwa komiti.

Mulungu, amene adziwa yense wa ife ndi dzina lace, apatse oweruza athu mtima wa mbusa, nasunge midzi yathu ndi minda yathu. Amen.