Walira mvula walira matope

Akuluakulu akati walira mvula walira matope, amanena za mlimi amene watha masabata akuyang'ana kumwamba, mbewu ili m'thumba, mizere itauma gwa. Mvula ikagwa, yemweyo ayamba kudandaula kuti njira ikuterera, nkhuni zanyowa, denga likudontha. Mwambiwu sumuletsa kulira mvula, pakuti popanda mvula kulibe nsima. Umangomuuza kuti chimene akupemphacho chili ndi katundu wake, ndipo avomereretu kusenza zonse ziwiri.

Mawu amenewa amandibwerera ndikamva anthu ochokera ku South Luangwa, nkhalango yosungirako nyama ya kum'mawa kwa Zambia, akudandaula kuti kunali anthu ochuluka. Ukawafunsa kuti anapita liti, amati Ogasiti kapena Seputembala. Ukafunsanso chifukwa chake, amati ndi nthawi imene nyama zimaoneka bwino. Sanama. Mvula ikasiya mu Epulo, madambo ndi zithaphwi zimauma pang'onopang'ono, udzu umagwa, ndipo pofika chilimwe chamoyo chilichonse chimatsikira ku mtsinje wa Luangwa. Mvuu zimathithikana m'maiwe otsala, njati zimabwera m'magulu akuluakulu kudzamwa, mikango nayo imangodikira m'mphepete. Mu Seputembala ndi Okutobala mbalame zofiira zodya njuchi zimakumba zisa m'magombe a mtsinje, gombe lonse kungoti psuu. Ndani sangafune kuona zimenezi?

Koma zimene wamva iwe, mnzako wa ku Germany wamvanso, ndipo Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi ya tchuthi kwawoko. Nkhalangoyi, yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 9,050, moti wina angaganize kuti malo ngokwanira aliyense. Vuto ndi lakuti alendo ambiri amalowera pa mlatho umodzi wa ku Mfuwe, ndipo malo ambiri omangapo matenti ali chakufupi ndi mlathowo, kunja kwa nkhalango. Chipata chikatsegulidwa 6 koloko m'mawa, magalimoto amakhala atandandalika kale. Wina akaona nyalugwe atagona pa nthambi ya mvunguti, uthenga umathamanga pakati pa madalaivala, ndipo posakhalitsa mtengowo wazingidwa. Injini zikulira, fumbi likukwera, uyu akubwerera m'mbuyo kuti alendo ake ajambule bwino, uyo watsekereza mnzake. Nyalugwe amatsegula diso limodzi, kenako amatsika n'kulowa m'tchire.

Chimene chimandiwawa pamenepa ndi nyamayo. Nyalugwe amene akuwenderera nswala madzulo, magalimoto n'kumutsatira m'mbuyo, amagona ndi njala chifukwa cha zithunzi zathu. Ndipo wodandaula uja amaiwala kuti galimoto yake inali imodzi mwa zozinga mtengowo.

Ena amati ndiye tipite nthawi ya dzinja, kukakhala kulibe anthu. Amenewa amakumana ndi matope enieni. Kuyambira Januwale mpaka Malichi chigwa cha Luangwa chimabiriwira mokongola, mbalame zimachuluka, mitengo ya malo ogona imatsika, ndipo ukhoza kuyenda nthawi yaitali osakumana ndi galimoto ina. Koma dothi la m'chigwamu ndi lamakande. Likanyowa limamata matayala, ngakhale galimoto yamphamvu imatitimira. Misewu yambiri ya m'kati siipitika, misasa ya kutali ndi Mfuwe imatsekedwa, udzu umatalika mpaka kubisa mkango uli pafupi. Tenti imene yanyowa lero siuma mawa, ndipo udzudzu wa m'chigwa si woseweretsa.

Choncho wokonza ulendo asataye nthawi kufunafuna mwezi wopanda vuto. Adzifunse kuti mwa mavutowa, ndi liti limene iye ndi anthu ake angathe kulipirira. Ine ndimakonda Meyi ndi kuchiyambi kwa Juni. Misewu imakhala itayamba kuuma, tchire likadali lobiriwira, alendo asanachuluke. Nyama zimakhala zisanasonkhane, ndiye umazifuna ndithu, ndipo usiku kumazizira moti bulangete limodzi silikwana. Novembala nayenso ali ndi zake: mvula yoyamba ikagwa nswala zimaswa, anthu amachepa, koma chimvula chikhoza kukupeza usanamange tenti.

Pali mabanja amene sangasankhe, chifukwa ana amatsekera sukulu nthawi yomwe aliyense watsekeranso. Amenewa asachite manyazi kupita m'nyengo ya anthu ambiri, koma akonzeke. Malo omangapo tenti asungitsiretu miyezi ingapo nthawi isanakwane, chifukwa malo amthunzi, oyang'ana kumtsinje, amatha msanga, ndipo kufika madzulo kuchokera ku tawuni ya Chipata wopanda malo ndi kuzunza ana. Akalowa pa chipata asaime pamene aima ena. Apitirire kutali ndi mlatho, kumene magalimoto amachepa. Amene ali ndi galimoto yoyenera mtchire angapite ku dera la Nsefu, limene lili kum'mawa kwa mtsinje ndipo lili ndi chipata chake. Kumeneko ndi kumene Norman Carr, mogwirizana ndi Mfumu Nsefu, anayambitsa msasa wa alendo m'chaka cha 1950, ndipo maulendo oyenda pansi amene chigwachi chimatchuka nawo anachokera kwa iyeyo. Poyenda pansi mumakhala anthu ochepa, wotsogolera ndi mlonda wamfuti. Kungoti ana aang'ono saloledwa.

Pa msasa penipenipo pamafunika maso. Malo ambiri alibe mpanda. Kanjira kosalala kochokera kumtsinje, kooneka ngati pabwino kumangapo, nthawi zambiri ndi njira ya mvuu yopita kukadya usiku. Malalanje ndi mango asagone m'tenti, chifukwa njovu imamva fungo patali. Anyani ndi apusi a pamisasa anazolowera anthu, amadziwa kutsegula zikwama, ndipo amachuluka pomwe pachuluka alendo osasamala. Wopita mu Okutobala adziwe kuti kutentha kumapitirira madigiri 40, masana m'tenti simukhalika, ndiye mthunzi ndi madzi akumwa zikhale zoyamba kuziganizira.

Pali chinanso chimene odandaula saona. Khamu limene iwo akuliyesa matope, kwa anthu a ku Mfuwe ndiyo mvula. Akunda a m'chigwamu amakhala ndi njovu zimene zimawadyera m'minda, ndipo phindu limene nyamazi zimawabwezera limadzera mwa alendo. Wotsogolera alendo, wophika, wochapa, mayi wogulitsa tomato ndi masamba ku malo ogona, onsewa amadalira miyezi yochepa ya chilimwe kuti apeze fizi ya ana ndi chakudya cha chaka chonse. Dalaivala amene akukankhira galimoto pafupi ndi nyalugwe amatero poganiza kuti ndi zimene alendo ake akufuna, ndipo kangachepe kamene adzalandire potsanzikana kadalira pamenepo. Mlendo ndiye ali ndi mphamvu yosintha zimenezi. Amuuziretu m'mawa, asananyamuke, kuti pakakhala magalimoto ambiri apitirire, ndipo kangachepeko kadzaperekedwa ngakhale nyalugwe asaoneke.