Mtengo uli ndi nyengo zake

Ambirife kuno ku Geisha, mumzinda wa Mzuzu, sitinapondepo pakhomo pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, komwe masheya a NICO anayamba kugulitsidwa mu 1996. Koma amene anagulapo matumba a chimanga mu Meyi, n'kuwasanja kuchipinda kudikira Januwale, ntchito ya kumeneko akuidziwa kale.

1. Tidziwe nyengo. Pokolola aliyense amafuna ya fizi ndi yobwezera ngongole ya feteleza, chimanga chimasefukira pamsika, mtengo n'kugwa. Ikafika miyezi ya njala, thumba lomwe lija timalimbirana. Masheya nawo amakwera ndi kutsika, kungoti alibe kalendala. Kodi tikugula chifukwa nyengo yakwana, kapena ndalama yangotiyabwa m'thumba?

2. Tisathamangire komwe gulu lathamangira. Cha m'ma 2015 nandolo anali pamtengo wokoma, ndipo abale athu a kummwera anadzala wochuluka. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, lomwe linkagula wambiri, linaika malire pa nandolo wolowa kwawo. Mtengo unagweratu, matumba n'kutsala m'nyumba. Alimiwo sanapuse ayi, mtengo unalidi wabwino. Chovuta n'chakuti onse anauona tsiku limodzi. Nkhani ya phindu ikayamba kukambidwa mu minibasi, pachigayo ndi pamaliro pomwe, odya phindulo amakhala atasamba kale m'manja. Nanga ife tikulowa kukagula kwa yani?

3. Tisunge pangano. Ku Chicago amalonda a mbewu anakhazikitsa msika wawo mu 1848, ndipo kumeneko kunakula mwambo wogwirizana lero mtengo wa mbewu imene idzaperekedwe mtsogolo. Alimi a fodya wa kontilakiti akuidziwa njira yofanana nayo. Pangano lotere limateteza onse awiri, koma limayesa mtima: mtengo ukadzakwera kuposa uja tinagwirizana, kodi sitidzazembetsa katundu usiku kwa venda wina?

4. Tiwerengere phindu moona mtima. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Wogulitsa katundu pambuyo pake analandira ndalama zambiri m'manja, koma atapita kukaoda wina anapeza kuti mpamba wachepa. Manambala amakula, thumba la feteleza n'kumatalikira. Tichotserenso mtengo wa masaka, mankhwala, wonyamula, ndi chinyezi cha Mzuzu chimene sichikhululukira chimanga chosauma bwino. Ine chaka china ndinasunga matumba khumi, ndikumawerengera phindu usiku uliwonse ngati ndalandira kale. Ndinaumira mankhwala, ndikuti ndi miyezi yochepa chabe. Pomasula thumba loyamba mu Disembala, dzanja linatuluka loyera ndi ufa, anankafumbwe akuyenda pamkono. Mtengo pamsika unali utakweradi monga ndinalosera, koma matumba anayi ndinagulitsa kwa mayi wina woweta nkhuku, pamtengo umene ananena yekha.