Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka

Makolo athu, amene ankayesa ulemu wa munthu poona ngati akumbukira kumene udagwera mchombo wake, adatisiyira mwambi wakuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ndipo ngakhale ambiri amaumva ngati mfuu yoitana mtchona kuti abwerere, ine ndiyesa kuti ukunenanso za iye amene akhala kutsidya kwa nyanja, koma dzanja lake lifikabe kumudzi.

Taonani ana a ku India. M'chaka cha 1991, Ravi Kuchimanchi, ali wophunzira pa yunivesite ya Maryland ku America, adamema anzake nayambitsa bungwe la Association for India's Development, kuti anthu odzipereka, osayembekeza mphotho, azisonkha ndalama zochirikiza ntchito zimene eni midzi adaziyamba okha. Pakuti thandizo lodza ndi malamulo a mwini chuma silichedwa kufota. Ku Bilgaon, mudzi wa m'mapiri a Maharashtra umene unkagona mumdima, amuna ndi akazi, mochirikizidwa ndi bungweli, adasenza miyala ndi mchenga natchinga kamtsinje, kufikira madzi adazunguza makina ndi kuyatsa magetsi m'nyumba zawo. Pamene mafunde aakulu a m'nyanja adasesa gombe la Tamil Nadu pa 26 Disembala 2004, odzipereka a bungweli adathamangira asodzi otsala manja ali m'khosi.

Ambiri amapereka ali kutali, ndipo sitiwachepsa konse. Komatu Kuchimanchi mwini wake sadakhutire ndi kutumiza ndalama: adasiya America nabwerera ku India kukagwira ntchito pamodzi ndi anthu akumidzi.