LAMULO LACINAI NDI MAONDO A NKHALAMBA

Pa Mlangeni, m'boma la Ntcheu, pamene mseu wa ku Dedza utsata malire a Mozambique, midzi ndi minda yambiri iri pa zitunda. Mvula ikayamba, njira za kudimba, za kucitsime ndi za ku Misa ziterera. Imeneyo ndiyo nyengo yoopsa kwa agogo odwala nyamakazi ya m'maondo.

Nthendayi idya pang'onopang'ono mnofu wosalala umene ukuta nsonga za mafupa. Bondo liwawa ndi kuuma, nyama za m'nchafu zifooka, ndipo tsiku lina bondolo lingopindika mwadzidzidzi. Bungwe la World Health Organization liwerenga kuti mwa anthu a zaka 65 ndi kupitirira, pafupifupi mmodzi mwa atatu amagwa caka ciri conse. Nkhalamba ikathyoka fupa la m'ciuno, kawirikawiri siyendanso monga kale.

Lamulo lacinai la Mulungu, lolemekeza makolo, silitha mwana akakula. Kulira pa maliro nkosabvuta. Koma cikondi coona ciona ngozi isanafike. Cifukwa cace ana, adzukulu ndi aphunzitsi oyendera odwala ayenera kufunsa agogo mwaulemu mafunso atatu: ngati anagwapo caka cathaci, ngati amadzandira poima kapena poyenda, ndiponso ngati amaopa kugwa. Akabvomera limodzi lokha, pali cifukwa cocenjera.

Palinso kayesedwe kamene asing'anga a ku Canada anafalitsa m'caka ca 1991. Agogo akhale pa mpando, aimirire, ayende mamita 3, atembenuke, nabwerere kukhala pansi. Wina aziyenda pambali pao kuti angagwe. Zikatenga masekondi 12 kapena kuposa, ngozi iri pafupi. Pamenepo awaperekeze ku cipatala ca pafupi kapena ca ku Ntcheu, kuti akaone maondo, maso ndi mankhwala amene akumwa, pakuti mankhwala ena acititsa cizungulire.

Pakhomo napo pali nchito. Njira ya ku cimbudzi aisalaze, nyali ikhale pafupi ndi pogona, ndipo agogo apatsidwe mpando m'malo mwa mphasa. Ndodo aigwire m'dzanja la mbali ya bondo labwino. Koma asawatsekere m'nyumba ai, pakuti miyendo yosayenda ifookeratu msanga.

Agogo ena abisa ululu wao poopa kulemetsa ana. Ena adzikakamiza kugwada pa Misa, nabvutika podzuka. Aphunzitsi awauze poyera kuti Eklezia sakakamiza wodwala kugwada, ndipo kukhala pansi si cimo. Mulungu amene anaona maondo amenewo akugwada zaka zambiri ayang'ana mtima.

Maondo a nkhalamba anathera m'minda ya mbatatesi, pa mtondo ndi pobereka ana. Mkristu amene awayesa mvula isanagwe, nakonza njira yao, asunga lamulo lacinai ndi manja ace.