Kodi Mulungu amamva nyimbo zobangula?

Ku Ghanzi, tauni ya oweta ng'ombe m'chipululu cha Kalahari ku Botswana, kumachitika chikondwerero cha nyimbo za heavy metal chomwe chidayamba mu 2010. Amachikonza ndi a gulu la Overthrust, motsogozedwa ndi Tshomarelo Mosaka, amene anzake amamutcha Vulture. Obwerako amavala zikopa zakuda, maunyolo ndi zisoti zazikulu, ena chigaza cha munthu chojambulidwa pamsana. Woimbayo saimba monga tidazolowera. Amabangula kuchokera pansi pa mmero, magitala akulira ngati chigayo cha dizilo. Phindu lomwe apeza amathandizira ana ovutika a m'deralo.

Kanema wa chikondwererochi ndidamuonetsa mkulu wina wa mpingo amene timayandikana nyumba kuno ku Area 3. Sadadikire kuti athe. Adandibwezera foni ataigwira ndi zala ziwiri, nati, "Achimwene, izi ndi za satana basi."

Phokoso silo lidawadetsa nkhawa, chifukwa kuno tidagwirizana nalo kalekale. Kukakhala oimba ku Lilongwe Golf Club, ng'oma zimafika mpaka kukhitchini kwanga. Lachisanu usiku masipika a mapemphero ochezera amalira mpaka mbandakucha, ndipo akangoleka kumamveka kuitana kwa kumzikiti kutsidya kwa mtsinje. Chidawaopsa akuluwa ndi zigaza zija, komanso mkwiyo womwe uli m'mawu a woimbayo.

Mantha awo ali ndi pogwira. Ku Norway m'zaka za m'ma 1990, anyamata ena a black metal adatenthadi matchalitchi, ndipo tchalitchi chakale chamatabwa cha Fantoft chidapsa mu 1992. Koma nyimbozi sizidabadwire kumanda. Zidachokera m'dera la mafakitale ku Birmingham, komwe Tony Iommi wa Black Sabbath adaduka nsonga za zala ziwiri pa makina odulira malata, nkuyamba kumasulako nsambo za gitala kuti zisamupweteke. Kulemera kwa kaliridwe kaja kudatuluka pa bala la wantchito.

Oikira kumbuyo chikondwerero cha ku Ghanzi amathamangira kunena kuti, taonani, akudyetsa ana amasiye. Yankho limeneli ine silindifika pamtima. Likumveka ngati munthu ayenera kugula chilolezo chokuwa ndi matumba a ufa, pomwe tonse tikudziwa kuti ngakhale mbava imapereka chakhumi. Funso langa ndi lina: kodi kubangula pakokha kuli ndi malo pamaso pa Mulungu?

Mzinda wa Huambo ku Angola udaphwasuka pa nkhondo ya masiku 55 mu 1993. Kumeneko Sonia Ferreira ankasamalira ana pa malo otchedwa Okutiuka, ndipo iye ndi woimba gitala Wilker Flores adakonza chikondwerero cha nyimbo zoterezi, monga akuonetsera kanema wa Death Metal Angola wa mu 2012. Mnyamata amene adakulira pakati pa makoma obooka ndi zipolopolo, ukamupatsa kolasi yachimwemwe yokhayokha, wamuphunzitsa kunama. Baibulo lenilenilo silichita naye manyazi munthu wotere. Yobu adatemberera tsiku lake lobadwa, ndipo pomaliza Mulungu adadzudzula anzake aja olankhula zaulemu. Salimo 88 limatha popanda chitonthozo chilichonse, koma alembi sadalichotse. Kwathu komwe kuno, mayi akafika pa siwa akukuwa ndi kudzigwetsa pansi, palibe amamuitanira wotulutsa ziwanda. Timamugwira m'mapewa, kumusiya alire.

Chimandivuta ndi chakuti m'matchalitchi mwathu chisoni timachipatsa mphindi ziwiri, kenako wa pa kiyibodi amasintha nyimbo kuti tonse tivine. Mnyamata wa digiri amene watha zaka akuponya makalata ofunsira ntchito ku City Centre, wagonanso pa mzere wa mafuta ndi galimoto ya eni ake, mkwiyo wake akausiye kuti? Ambiri amakausiya m'botolo.

Nchifukwa chake wokonza chikondwerero chotere popanda kampani yaikulu kumbuyo kwake ndimamulemekeza. Kampani imafuna nkhope zomwetulira pansi pa chikwangwani chake. Woima payekha amasaka yekha mafuta a jenereta, chilolezo cha khonsolo, apolisi, zimbudzi ndi pogona oimba, ndipo zikalephereka ngongole ndi yake. Kuno zoyandikirako tidaziona ku Dzaleka, komwe Menes la Plume adayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014: kulowa kwaulere, alendo nkumagona m'nyumba za othawa kwawo. Koma chikondwerero cha Tumaini adachiimika pa chiyembekezo, chinthu chimene abusa ndi othandiza omwe amachilandira ndi manja awiri. Amene angayese cha zigaza muno mu Lilongwe adzayamba wavutika kupeza mwini bwalo wosaopa zomwe adzamve kumpingo Lamulungu lotsatira.