Kodi Mendulo ndi ya Yani?

Ife a ku Machinga ndi ku Balaka tiudziwa bwino gule wa Beni. Anyamata abvala khaki, nandanda ngati asilikari, ndipo pa cifuwa pao palendewera timendulo. Guleyu anafala m'dziko muno ndi amuna obwerako ku nkhondo ya 1914, ndipo atikumbutsa kuti makolo athu anayesa mendulo cinthu ca ulemu. Tsono tifunse: munthu akalandira mendulo cifukwa ca kulimba mtima, kodi ulemuwo uli wace yekha, kapena uli ndi eni ace ena?

Gulu la nkhondo la King's African Rifles, limene makolo analicha Keyala, linakhazikidwa m'caka ca 1902. Linagawika m'magulu akuru ochedwa mabataliyoni, ndipo Bataliyoni Yoyamba ndi Yaciwiri zinali za Nyasaland, kwao ku Zomba. Ambiri a asilikari oyambawo anali Ayao, ena a iwo ocokera m'midzi yathu yomwe ino ya m'mbali mwa Shire.

M'caka comweco anatumidwa ku Somaliland. Pa 6 October 1902, pa malo ochedwa Erego, nkhondo inakula kotero kuti ena anabwerera m'mbuyo. Mtsogoleri wina, dzina lace Alexander Cobbe, anatsala pa mfuti ya ciwaya naiomba yekha. Pambuyo pace anaturuka pakati pa zipolopolo, nanyamula munthu wolasidwa, nabwera naye. Cifukwa ca ici analandira Victoria Cross, ndiyo mendulo yoposa zonse ya Angerezi, ndipo kufikira lero malo a asilikari ku Zomba achedwa Cobbe Barracks. Itapita miyezi isanu ndi umodzi, mu April 1903, asilikari a Bataliyoni Yaciwiri anazingidwa ndi adani pa Gumburu, naphedwa ambiri pamodzi ndi mtsogoleri wao Plunkett. Dzina la Cobbe alidziwa ndi ana omwe. Koma ndani wa ife angachule ngakhale mmodzi wa abale athu amene anagona pa Gumburu?

Tidziwenso kuti mamendulo sanagawidwe ndi muyeso umodzi. Asilikari akuda anali ndi mendulo yao yapadera, African Distinguished Conduct Medal, ndipo m'zaka zonse za Keyala panalibe Mwafrika mmodzi wa gululo amene analandira Victoria Cross. Zotere sizinacitike kuno kokha. Ku Canada kunali Francis Pegahmagabow, wa mtundu wa Ojibwe, ndiwo ena a eni dziko akale a kumeneko. Iye anamenya nkhondo ya 1914 m'Bataliyoni Yoyamba ya dziko lace, nalandira Military Medal katatu. Koma pobwera kwao anapeza kuti zinthu za anthu a mtundu wace ziri cikhalire m'manja mwa mzungu woikidwa ndi boma. Mendulo inabvomereza kuti munthuyo ndi ngwazi, koma siinamyese wolingana ndi anzace amene anakhala nao m'dzenje limodzi.

Nanga iwo amene sanagwire mfuti konse? Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918, imene akuru anaicha Nkhondo ya Ciwaya, amuna a Nyasaland monga 19,000 analowa usilikari, koma ena pafupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga. Masiku amenewo njanje inalekeza ku Blantyre, pakuti ya kudzera ku Balaka inadza m'tsogolo mwace. Cotero katundu wa nkhondo anapita pa njira ya ku Zomba ndi ku Liwonde kunka ku Fort Johnston, kumene lero kuchedwa Mangochi, nakwera sitima za pa nyanja. Kutsogoloko, kumene kunalibe mseu, cakudya ndi zipolopolo zinayenda pamitu pa anthu. Ambiri a iwo anafa ndi njala, kamwazi ndi cibayo, naikidwa m'chire popanda cizindikiro. Kumudzi akazi anatsala ndi khasu, ndipo cimanga cao cinatengedwa kukadyetsa ankhondo. Msilikari woomba ciwaya sakadaomba, pakadapanda munthu wosenza bokosi la zipolopolo masiku ambiri ndi mimba ya njala. Akuru anati, mutu umodzi susenza denga.

Kodi tsono tiipeputse mendulo? Iai. Mantha ali m'mtima mwa munthu ali yense, ndipo iye amene aima pamene anzace athawa, napulumutsa wolasidwa, wacita cinthu cimene ambiri a ife sitikadakhoza. Kumkaniza ulemu wace ndiko nsanje. Cobbe anayenera mendulo yace, ndi asilikari athu amene anabwera nazo pa cifuwa anaziyenera zao. Koma tizindikire cimene mendulo iri. Iyo ndi umboni wakuti mkuru wina anaona cocitikaco ndi maso ace, nakhala ndi moyo kufikira atacilemba, ndi kuti ena a mu ofesi anacibvomereza. Pamene mboni inafa, monga pa Gumburu, panalibe wolemba. Pamene wocitayo anali wonyamula katundu, panalibe womuyang'anira. Cifukwa cace mendulo itiuza zoona za munthu mmodzi amene aibvala, koma siitiuza kanthu za iye amene alibe. Kulakwa kwathu kuyamba pamene tiyesa kuti cifuwa copanda citsulo ndi cifuwa copanda mtima.

Pali dzina lina limene litiphunzitsa njira yabwino. Mu July 1940 asilikari owerengeka a Bataliyoni Yoyamba anakhala pa Moyale, pa malire a Kenya ndi Ethiopia, nalimbana masiku angapo ndi khamu la Ataliyana lowaposa kwambiri, mpaka anacokapo usiku. Lero malo a asilikari ku Mzuzu achedwa Moyale Barracks. Dzinalo siliri la munthu mmodzi, koma la malo pamene onse anapirira pamodzi, wa nyota ndi wopanda nyota, wophika ndi wotunga madzi. M'dzina lotere muli malo a onse.

Tsono nchito yatsala kwa ife. Boma linalemba maina a asilikari akufa pa nsanja ya cikumbutso ku Zomba, koma maina a amtengatenga a m'midzi yathu ali m'mitu ya nkhalamba zowerengeka, zimene zinawamva kwa agogo ao. Pofika mwezi wa November, pamene dziko likumbukira akufa ku nkhondo, tipite kwa akuruwo tifunse: ndani wa pa mtundu pathu anatengedwa, anapita kuti, ndipo anabwera kodi? Amene adziwa kulemba alembe mainawo m'buku, ndi kuwawerengera ana, la mwini mendulo ndi la wosenza katundu pa tsamba limodzi. Tikacedwa, nkhalambazo zidzapita nao kumanda, ndipo sipadzakhalanso wina wotiuza.